Fisi ndi Mfumu ku Masanje a ku Mzuzu

Mzuzu unayamba m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Mabanja amene anabwera kudzagwira ntchito anabweretsanso masewera a kumudzi, kuphatikizapo masanje.

Kumudzi masanje ankachitika akakolola. Ana ankakunkha chimanga chotsalira m'minda, kumanga timisasa ta mapesi, n'kugawana maudindo: bambo, mayi, mwana, mfumu. Mkangano unkabuka pa kagawidweko, chifukwa wamkulu msinkhu ankafuna ufumu nthawi zonse. Mnyamata wosowa banja ankakhala fisi. Udindowu unkaoneka wonyozeka, koma unali ndi mphamvu yake: fisi ankaloledwa kuba ndiwo pamoto, bola athamange, poti akagwidwa ankaona zakuda. Motero wotsalira ankadya nawo ndithu, ndipo nzeru imeneyi ndi yoyenera kuitama.

Masewera ogawana maudindo alikonso kwina: ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera a Dungeons & Dragons mu 1974, momwe mphamvu za wankhondo ndi za wamatsenga zimalembedwa m'buku. Koma pa masanje, ana a ku Chibavi ndi Zolozolo mu Mzuzu amangogwirizana pakamwa. Minda yachepa m'tauni, choncho amaphikira m'zitini kuseri kwa nyumba.