Mtundu wa golide pa zosindikiza za Mpingo ndi kasungidwe ka zojambula zake

Chaka sichitha popanda parishi ina ya m'boma la Chitipa kufuna kusindikiza kanthu: ziphaso za Ulimbitso, makadi oitanira anthu ku mwambo wodzoza wansembe, kalendala, kapena kabuku ka jubili. Komiti ikakhala pansi kusankha mitundu, salephera kupezeka wina wopempha kuti mtanda kapena chikho chikhale cha golide. Pempholi ndi lomveka, pakuti golide tidamzolowera paguwa. Malangizo a Misa amanena kuti ziwiya zopatulika zikapangidwa ndi chitsulo chosafika pa golide, kawirikawiri zizikutidwa ndi golide m'kati mwake. Koma papepala nkhani ndi ina. Ife tidaonapo katoni ya makadi itafika kuchokera kumzinda, golide amene ankawala pakompyuta atasanduka wotuwa ngati madzi a mtsinje m'dzinja. Wosindikiza sadabe kanthu, komiti sidanamize munthu, koma ndalama zimene miphakati idasonkha zidapita, ndipo tsiku la mwambo lidali litayandikira kale.

Chifukwa chake golide amavuta

Makina ambiri osindikizira zamitundumitundu amagwiritsa ntchito inki zinayi zokha: yabuluu wowala, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Osindikiza amazitchula mwachidule kuti CMYK. Mtundu wina uliwonse umene timauona pakalendala umapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono ta inki zinayizi, toyalidwa moyandikana kotero kuti diso limatisakaniza lokha. Mwa njira imeneyi mumatuluka chobiriwira cha masamba a khofi wa ku Misuku kapena kufiira kwa chovala cha Pentekoste. Golide yekha satuluka, chifukwa chimene timachitcha golide si mtundu chabe. Ndi chitsulo chimene chimabweza kuwala: mukapendeketsa chikho, mbali imene idali yowala imada, ndipo yakuda imawala. Inki wamba sangachite zimenezi. Amakhala chimodzimodzi kulikonse kumene mungatembenuzire pepala.

Kompyuta ndi foni zimatipusitsa pamenepa. Galasi lake limatulutsa kuwala kwakekwake mwa mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, imene amaitcha RGB. Chikasu chozama chimaoneka chonyezimira pagalasi popeza kumbuyo kwake kuli nyali. Pepala lilibe nyali.

Inki wachitsulo ndi foil

Amene akufuna kunyezimira kwenikweni ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse zimafuna ndalama zoonjezera. Yoyamba ndi inki wachitsulo. Mu inki ameneyu mulibe golide weniweni. Muli tizidutswa tosalala ta mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo wa siliva amakhala ndi aluminiyamu. Amasindikizidwa payekha ngati inki yachisanu, ndi mbale yakeyake pamakina. Kampani ya ku America ya Pantone, imene idayambitsa ndondomeko yake ya manambala a mitundu mu 1963, idapatsa mitunduyi manambala odziwika kwa osindikiza a dziko lonse: 871 mpaka 876 ndi ya golide kufikira mkuwa wofiirira, ndipo 877 ndi siliva. Inki ameneyu amawala bwino papepala losalala. Papepala wamba limene limamwa inki, tizidutswa tija timamira ndipo kuwala kumachepa kwambiri.

Yachiwiri ndi foil, imene tonse timaidziwa pa zikuto za Baibulo ndi mabuku a nyimbo. Amasema chidindo chachitsulo, kuchitenthetsa, ndi kuchikanikiza pa kapepala kopyapyala konyezimira, kamene kamamatirira pachikuto. Palibe njira yowala kuposa imeneyi. Mtengo wake waukulu uli pa chidindo, choncho parishi imene yalipira chidindo cha chizindikiro chake ichite bwino kuchitenga kapena kulemba kumene chasungidwa, kuti isadzalipirenso kawiri.

Musanalonjeze akhristu golide wotere, funsani wosindikiza ngati ali ndi zipangizo zake. Nyumba zosindikizira za Mpingo zodziwika, Likuni Press ku Lilongwe ndi Montfort Media ku Balaka, zili kutali ndi ife. Kuchoka paboma la Chitipa kufika ku Karonga kokha ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo wa ku Nthalire ali ndi ulendo wina asanafike n'komwe pamsewu wa tala. Ntchito ikalakwika, kuibweza si nkhani ya tsiku limodzi.

Kuyerekeza golide ndi inki zinayi

Maparishi ambiri adzatsata njira iyi, ndipo si yonyozeka ayi. Chinsinsi chake ndi kujambula zimene golide amachita, osati kufunafuna mtundu umodzi wotchedwa golide. Mmisiri amaika chikasu chotuwira pamene kuwala kukadagwera, chikasu chozama pakati, ndi mtundu wa khofi wokazinga m'mphepete momwe mukadakhala mthunzi, ndipo mitunduyi imalowana pang'onopang'ono. Diso likaona kuwala ndi mthunzi zitatsatana motero, limakumbukira chitsulo. Poyambira, mtundu wa pakati ungakhale C 15, M 30, Y 75, K 10. Wowala C 0, M 8, Y 35, K 0. Wamthunzi C 30, M 50, Y 90, K 30. Manambalawa si lamulo, chifukwa makina ndi mapepala amasiyana. Chimene tingatsimikize ndi chakuti inki yabuluu ikachuluka golide amapita kobiriwira, ndipo yofiirira ikachuluka amasanduka lalanje.

Golide woyerekeza amaoneka bwino akakhala pa mtundu wakuda, wabuluu wozama kapena wofiira wozama. Papepala loyera amafooka. Amafunanso malo aakulu: mtanda, nambala ya zaka za jubili, mzere wa m'mphepete. Zilembo zing'onozing'ono musazipatse golide, chifukwa inki zitatu kapena zinayi zikapanda kugwera pamalo amodzi ndendende, mawu amaoneka ngati ali ndi mthunzi ndipo agogo athu sangawawerenge. Maina ndi masiku a pachiphaso akhale akuda.

Pali chinthu china chimene chimatitonthoza. Mpingo womwe udavomereza kalekale kuti chikasu chiziimira golide. Mbendera ya Vatican, imene idakhazikitsidwa mu 1929, ndi yachikasu ndi yoyera, kuimira golide ndi siliva wa makiyi a Petulo Woyera. Ndi mmenenso zilili pa zizindikiro za maepiskopi. Ndipo wansembe wina wa chipani cha Ajezwiti, Silvester Petra Sancta, adafalitsa mu 1638 njira yoonetsera mitundu ya zizindikiro ndi inki yakuda yokha, momwe golide amaonetsedwa ndi timadontho papepala loyera. Njira ya zaka pafupifupi 400 imeneyi ingathandize mlembi wa ku Kaseye amene ali ndi makina a fotokope basi. Ife timaona kuti chikasu choyera bwino chimalemekeza chizindikiro kuposa golide wotuwa wokakamiza.

Njira iliyonse imene mwasankha, pemphani chitsanzo chosindikizidwa papepala lomwelo limene lidzagwiritsidwe ntchito, ndipo muchione panja masana. Chithunzi cha chitsanzo chotumizidwa pafoni si chitsanzo.

Kusunga zojambula

Papa Benedikito XVI adakhazikitsa Dayosizi ya Karonga pa 21 Julaye 2010, kuipatula ku Dayosizi ya Mzuzu, ndipo Episkopi wake woyamba, Ambuye Martin Mtumbuka, adadzozedwa pa 20 Novembala chaka chomwecho. Motero dayosizi yathu idabadwa m'nyengo ya kompyuta. Zizindikiro zake, makadi ake ndi zithunzi zake zambiri sizidakhalepo papepala zisanasindikizidwe. Pofika 2035, chaka cha jubili ya siliva, wina adzazifuna. Malamulo a Mpingo a 1983 amalamula pa nambala 486 kuti zolembedwa zonse za dayosizi ndi za maparishi zisungidwe mosamala kwambiri, ndipo nambala 535 imati parishi iliyonse ikhale ndi mosungira mabuku ndi makalata ake. Olemba malamulowo ankaganiza za mapepala, koma sitiona chifukwa chosiyira kunja fayilo ya chizindikiro cha parishi.

Mdani woyamba wa fayilo ndi pulogalamu imene idaipanga. PageMaker, imene idapanga timabuku tambiri ta mipingo, idalekera pa mtundu wake wa 7 wa mu 2001. Kampani ya Microsoft idalengeza kuti Publisher ithera mu Okutobala 2026. Ngakhale mitundu imene. Chakumapeto kwa 2022 kampani ya Adobe idayamba kuchotsa mitundu ya Pantone m'mapulogalamu ake, ndipo amisiri ena potsekula ntchito zawo zakale mu Photoshop adapeza malo a mitunduyo atada bii. Amene adali atalemba manambala a mitundu yawo pena pake sadavutike.

Choncho ntchito iliyonse isungidwe m'maonekedwe angapo. Fayilo yoyambirira, kaya ya CorelDRAW kapena ya pulogalamu ina, isungidwe pamodzi ndi zithunzi ndi zilembo zimene zidagwiritsidwa ntchito. Za zilembozi tisazipeputse kuno kwathu, kumene kabuku kamodzi kangakhale ndi Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chitumbuka: si mtundu uliwonse wa zilembo uli ndi ŵ, ndipo ukasowa pamatuluka kabokosi pakati pa mawu. Pambali pake pakhale PDF imene idapita kwa wosindikiza, ndi ina ya mtundu wa PDF/A, umene udakhazikitsidwa mu 2005 makamaka posungira zolembedwa kwa zaka zambiri. Zithunzi zisungidwe ngati TIFF, pa madontho 300 pa inchi, popeza JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse imene yakonzedwa ndi kusungidwanso. Chizindikiro chokha chisungidwenso ngati SVG kapena EPS, kuti chizikula kuchoka pachidindo kufika pansalu ya parishi osaphwanyika. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira wamba chimachepetsedwa, choncho chizitumizidwa ngati chikalata.

Osunga zakale amalangiza kuti pakhale makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kumalo ena. Kwa ife zikutanthauza kompyuta ya parishi, disiki yapadera yotsekeredwa m'kabati, ndi kope lina ku likulu la dayosizi ku Karonga kapena pa intaneti, pa keyala ya parishi osati ya munthu. Fulashi yoyenda m'thumba siwerengedwa, pakuti imatayika ndipo imatola mavairasi. Ma CD ojambula tokha nawo amaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Kamodzi pachaka wina azitsekula mafayilowo kuti aone ngati akadali amoyo.

Chotsiriza ndi pepala limodzi. Pa ntchito iliyonse palembedwe dzina lake, chaka, amene adaijambula, kumene idasindikizidwa, mtundu wa pepala, ndi manambala a golide amene adatuluka bwino. Pepalalo liikidwe mu envulopu pamodzi ndi makope awiri osindikizidwa, pamalo ouma ndi opanda dzuwa, makamaka ku Misuku kumene chinyezi sichisowa. Bambo Mfumu akamasamutsidwa, envulopuyo ndi disiki zilembedwe pa mndandanda wa katundu wopereka kwa wolowa m'malo, pamodzi ndi mabuku a Ubatizo ndi makiyi a tchalitchi.