Mbiri ya kafukufuku wa nandolo ndi zimene yasiya m'minda ya ku Neno

Nandolo ndi mbewu yakale ku Neno. Kuyambira kuchigwa cha Lisungwi ndi Zalewa kufikira m'mapiri a kwa Chekucheku ndi Dambe, alimi akhala akumubzala m'mizere ya chimanga kuyambira boma la Neno lisanapatulidwe ku Mwanza m'chaka cha 2003. Koma nandolo amene ali m'minda lero si yemwe anali m'minda zaka 50 zapitazo. Pakati apa padutsa ntchito ya malo ochitira kafukufuku, sukulu za ukachenjede ndi alimi eni ake. Alangizi ndi alimi otsogolera akaidziwa mbiriyi, adzatha kuyankha bwino mlimi wofunsa chifukwa chake asiye mbewu imene anazolowera.

Vuto loyamba linali matenda a kufota. Matendawa amayamba ndi kachirombo ka m'gulu la bowa kotchedwa Fusarium, kamene kamakhala m'nthaka, kulowa m'mizu ndi kutseka njira za madzi mu tsinde. Nandolo amafota nthawi ya maluwa ngakhale nthaka ili ndi chinyezi, ndipo tsinde lake likang'ambidwa mumaoneka mizere yoderako. Bungwe la ICRISAT, limene linakhazikitsidwa ku India m'chaka cha 1972, linayendera minda m'mayiko angapo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ku Malawi linapeza kuti pafupifupi mitengo 36 mwa mitengo 100 iliyonse ya nandolo inali yogwidwa ndi matendawa, kuposa ku Kenya ndi ku Tanzania.

Mankhwala opopera sakanathandiza chifukwa kachiromboka kamakhala m'nthaka zaka zingapo. Akatswiri anafunafuna mtundu wopirira, ndipo anaupeza mu nandolo wamakolo amene anatengedwa kwa alimi a ku Kenya ndi kupatsidwa nambala ya ICP 9145. Utayesedwa m'minda ya matenda, unavomerezedwa m'dziko muno m'chaka cha 1987. Ndiwo umene alimi ambiri amaudziwa ndi dzina loti Sauma. M'chaka cha 2000 kunatuluka Kachangu, wa njere zikuluzikulu zoyera zimene ogula amakonda, nayenso wopirira kufota.

Mitundu iwiriyi inali ndi chovuta chimodzi: imakhala m'munda nthawi yaitali, miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo. M'madera otentha ngati Lisungwi, kumene mvula imadula msanga ndipo mbuzi zimamasulidwa chimanga chikangokololedwa, mlimi amatha kulimira ziweto za anzake. Alimi a m'chigawo cha kummwera sanadikire akatswiri. Anayamba kugawana mtundu wawo wa Mthawajuni, umene dzina lake likunena zonse: umacha kuzizira kwa mwezi wa Juni kusanafike povuta. Ambiri amaukondanso chifukwa mitengo yake ndi yaikulu ndipo imasanduka nkhuni. Kufala kwa Mthawajuni kunaonetsa kuti mlimi sayang'ana zokolola zokha. Pofika 2010, akatswiri anali atatulutsa Mwaiwathualimi, wocha pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, amene anathandizanso kuti nandolo ayambe kulimidwa kwambiri m'chigawo chapakati.

Pamene ena ankakonza mbewu, akatswiri a nthaka ankafufuza zimene nandolo amachita pansi. Zinali zodziwika kale kuti timaphuthu ta m'mizu yake timatenga nayitirojeni mumpweya. M'chaka cha 1990, akatswiri a ku Japan amene ankagwira ntchito ku ICRISAT anaonetsa kuti mizu ya nandolo imatulutsa timadzi tosungunula fosifolasi womangika m'nthaka yofiira, amene mbewu zina sizitha kumutenga. Mizuyi imapitanso pansi kwambiri, ndipo masamba oyoyoka amabwezera chonde pamwamba. Ichi ndi chifukwa chake chimanga chotsatira nandolo chimaoneka chobiriwira.

Nzeru zimenezi zinafunika kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene feteleza anakwera mtengo ndipo alimi ambiri analephera kugula. Ku sukulu ya ukachenjede ya Bunda, imene kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR, Pulofesa George Kanyama-Phiri ndi anzake anayamba kuyesa mbewu za m'gulu la nyemba m'minda ya alimi. Anagwirizana ndi Dr Sieglinde Snapp, amene pambuyo pake anapita ku Michigan State University ku America. Chakumapeto kwa zaka zimenezo, Dr Snapp anayambitsa m'dziko muno njira yoyesera ya munda wa mayi ndi minda ya ana. Munda wa mayi umakhala umodzi pamudzi, ndipo umakhala ndi njira zonse zimene zikuyesedwa. Alimi ozungulira amasankhapo njira ziwiri kapena zitatu n'kukayesa m'minda yawo, ndi khasu lawo, pa nthaka yawo. Njirayi inafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia.

M'minda imeneyi ndi mmene munakhwimira njira yobzala nandolo pamodzi ndi mtedza. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, choncho salimbana ndi mtedza. Mtedza ukakumbidwa, nandolo amatsala yekha n'kutambasuka. Mlimi amakolola kawiri pamunda umodzi, ndipo chaka chotsatira amabzalapo chimanga. Kuyambira 2012 njirayi inayesedwanso ndi alimi ambiri ku Dedza ndi ku Ntcheu, boma loyandikana ndi Neno, ndipo boma linaivomereza m'chaka cha 2016. Kuchokera pa kuyesa koyamba kufika pa chivomerezo panapita zaka pafupifupi 20.

Luso lina linachokera kutali ndi nandolo. Ku Purdue University ku America, Pulofesa Larry Murdock ndi anzake a ku Cameroon anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kufufuza njira yosungira khobwe popanda mankhwala. Zotsatira zake ndi matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba wamba kunja. Akamangidwa bwino, anankafumbwe amamaliza mpweya umene uli mkati n'kusiya kudya ndi kuswana. Matumbawa amasunganso nandolo ndi chimanga, bola mbewuyo ikhale youma bwino ndipo pulasitiki isabooke.

Koma chaka cha 2017 chinaonetsa malire a zonsezi. Nandolo wambiri wa dziko lino amagulitsidwa ku India. Kumeneko kutakhala chilala zaka ziwiri, mtengo unakwera mu 2015 ndi 2016, ndipo alimi kuno anakuza minda. Mu Ogasiti 2017, India atakolola wake wambiri, analamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo unagwa mpaka pansi pa K100 pa kilogalamu m'misika yambiri. Alimi amene anatsata malangizo onse anatsala ndi matumba m'nyumba, ndipo ena anachepetsa minda chaka chotsatira. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti Malawi azitumiza matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, koma mlimi amene anapsa mu 2017 saiwala msanga.

Mbiriyi ili ndi ntchito yake m'munda. Kufota sikunathe. Njuchi zimasakaniza mitundu ya nandolo nthawi ya maluwa, choncho mbewu yobwerezedwa zaka zambiri pafupi ndi mitundu ina imataya kupirira kwake. Mlangizi akaona nandolo wofota, ang'ambe tsinde, afunse kumene mbewuyo inachokera ndi zaka zimene yabwerezedwa, ndipo alangize kasinthasintha ndi chimanga kapena mapira. Posankha mtundu, Lisungwi ndi mapiri a Neno zisapatsidwe yankho limodzi. Nthawi imene mvula imadula ndi imene ziweto zimamasulidwa ziyambe zadziwika, ndipo mafumu akhudzidwe pa malamulo a ziweto. Pa munda wachitsanzo, mtundu wa mlimi, monga Mthawajuni, ubzalidwe pambali pa mtundu watsopano, ndipo polemba zotsatira alembe nkhuni, kapsedwe ndi kukoma, osati makilogalamu okha. Pofotokoza ubwino wa nandolo, alangizi ayambe ndi ndiwo, chonde ndi nkhuni, zimene sizidalira msika wa ku India, kenako anene za ndalama, ndipo anenenso poyera kuti mtengo umatha kugwa.