Mudzi Umene Unalipo Tsikulo

Minda yambiri ya tiyi kwathu kuno ku Mulanje inakhazikika pa mapepala amene makolo athu sanawawerengepo. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston, amene ankaimira boma la Britain m'dziko muno, anayamba kuunika malo amene azungu ankati anagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Akakhutira, ankapereka chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Zikalatazi zinapereka maekala oposa 3 miliyoni m'dziko lonse, ndipo kuno kummwera zinatenga nthaka yachonde yeniyeni, kuphatikizapo ya m'tsinde mwa phiri lathuli, kumene mvula sisowa.

M'zikalata zambiri munali ndime yoti iteteze eni nthaka. Inkati mudzi kapena munda wa anthu akuda umene unalipo pa tsiku lolemba chikalatacho usasokonezedwe kapena kusamutsidwa popanda chilolezo cholembedwa cha boma. Kenaka inkapitiriza kuti munthu asamange mudzi wina kapena kutsegula munda watsopano mwini esiteti asanavomere.

Aliyense amene anagwirapo khasu aona msanga pamene panali msampha. Makolo athu sankalima malo amodzi mpaka kalekale. Nthaka ikaguga ankaisiya igonere, n'kukaswa mphanje pena. Mudzi nawo unkasuntha, kaya chifukwa cha maliro ochuluka, kaya chifukwa madzi atalikira. Tsono munda umene mayi waswa patatha zaka zisanu chilembere chikalata, ndi watsopano kapena ndi womwe uja wangosendera? Nanga tsala limene linali litagonera pa tsikulo ndi la yani? Zikalata sizinatchule malire a midzi, sizinawerengenso anthu. Eni maesiteti anagwira mawu aja monga analembedwera, chilembo ndi chilembo: wasuntha, chitetezo chako chathera pomwepo, uzilipira lendi kapena uzigwira thangata.

Nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu mu 1903. Mkulu wa boma woyang'anira za anthu akuda anasumira kampani ya Blantyre and East Africa, yomwenso dzina lake limamveka m'mbiri ya esiteti ya Lauderdale kuno kwathu. Kampaniyi inali itapangana ndi mafumu kuti anthu okhala pa malo ake azilipira malowo pogwira ntchito. Pepala linalipo, mafumu anavomera, ndipo kwa kampani nkhani inathera pamenepo.

Woweruza Joseph Nunan sanaime pa pepala lokha. Anafunsa chimene ndime ija inalembedwera, napeza kuti cholinga chake chinali choti eni nthaka apitirize kukhala ndi kulima pa malo awo osalipira kanthu. Anafunsanso ngati mfumu ili ndi mphamvu yotaya ufulu umenewu m'malo mwa anthu ake, ndipo anati ayi. Mgwirizano uja anaukana chifukwa unali wopondereza, wopangana pakati pa wodziwa malamulo ndi osadziwa. Ine ndimamulemekeza Nunan pa chigamulo chimenechi, ngakhale anali wantchito wa atsamunda omwewo. Anawerenga mawu akuganizira anthu amene mawuwo ankawanena.

Koma chigamulocho chinali ndi mpanda wake, ndipo banja lathu linatsalira kunja. Ndime ija inkateteza amene analipo, osati obwera pambuyo. Kuchokera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ankawoloka malire kuthawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo maesiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa anali anthu opanda pepala lililonse lowaikira kumbuyo. Agogo anga aakazi anakulira pa esiteti ina, ndipo akamasimba ankayambira pa tikiti. Pachiyambi thangata inali mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma mwezi wake unkawerengedwa ndi masiku amene kapitawo wachonga pa tikitipo. Ukalephera kumaliza ndime imene wakuyezera, tsikulo silinkalembedwa. Choncho mwezi unkatalika, ndipo unkagwa m'dzinja, chimanga chako chikulira khasu. Agogo ankati bambo awo ankapalira munda wawo kukada, atachokera ku munda wa mzungu, manja atatupa kale. Apa napo panali kumasulira mawu, koma womasulira anali kapitawo ndi pensulo yake.

Zimene Nunan anaweruza sizinapite patali. Lamulo la 1904, limene likanapatulira anthu malo awoawo m'maesiteti, silinagwiritsidwe ntchito. Mkwiyo wa thangata unaonekera mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe ku Chiradzulu. Ndipo mu 1928 lamulo la Natives on Private Estates linangofafaniza kusiyana kwa eni nthaka ndi obwera: onse anasanduka alendi, olipira ndi ndalama, ntchito kapena mbewu. Limene limandiwawa kwambiri ndi gawo lokhudza ukwati. Kuno ndi kwa chikamwini, mwamuna amakamanga kwa mkazi. Koma mkamwini wochokera kunja kwa esiteti sakanamanga nyumba pa mudzi wa apongozi ake mwini malo asanalole. Lamulo lolembedwa m'Chingerezi ku Zomba linalowa mpaka m'nkhani za ankhoswe. Kafukufuku wa Sir Sidney Abrahams mu 1946 anachititsa kuti boma liyambe kugula malo ena kwa eni maesiteti, zipolowe za 1953 ku Thyolo zinawonjezera moto, koma thangata inadzathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Mkangano wa momwe mawu a lamulo ayenera kumvekera sunathe ndi atsamunda. Mu 2000, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, khoti la Supreme, pomasulira mawu a m'malamulo, linati wopambana pa chisankho cha pulezidenti ndi amene waposa anzake mavoti. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anawerenga mawu omwewo a m'malamulo oyendetsera dziko, nati akutanthauza mavoti oposa theka. Dziko lonse linamvetsera pa wailesi, m'Chichewa momwe, ndipo anthu anatsutsana za chigamulocho m'misika ndi m'maminibasi.

Mwayi wotere anthu a kuno sanaupatsidwepo pa nkhani ya malo awo. Achinyamata a kwa Mabuka, kwa Chikumbu ndi kwa Mkanda akulima timinda tosakwana kudyetsa banja, akuyang'ana tiyi kutsidya kwa msewu, osadziwa chimene chinalembedwa za midzi ya agogo awo. Ndikupempha akuluakulu a za malo ndi a zamalamulo kuti zikalata za Johnston ndi chigamulo cha 1903 zimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ziperekedwe kwa mafumu ndi m'masukulu a boma lino, kuti eni nkhani aziwerenge okha.