Nkhalamba za m'makalavani: yankho langa kwa Amayi

Amayi, Malume, achemwali ndi nonse kumudzi, komanso anzanga muli ku Joni, ku UK ndi kuno ku America amene mumawerenga makalata angawa, moni nonse.

Ndikhulupirira kuti mvula yagwa bwino ndipo mwayamba kupalira. Ine kuno ndili gwa, kungoti milomo yasweka ndi mphepo youma ya m'chipululu.

Amayi, mutaona zithunzi zimene ndinatumiza sabata yatha munandifunsa kuti, "Kodi agogo amenewa alibe ana? Nanga akudyeranji Khirisimasi m'galimoto ngati othawa nkhondo?" Foni inaduka ndisanakuyankheni, ndiye ndati ndilembe. Nanenso ndinadzifunsa chimodzimodzi chaka changa choyamba pano, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Mundilole ndiyambire kutali.

Kwa amene simukudziwa, ndimagwira ntchito pamalo oimikapo makalavani pafupi ndi tauni ya Quartzsite ku Arizona, pamphambano ya msewu waukulu wa Interstate 10 ndi msewu wa 95. Kalembera wa 2020 anapeza kuti eni tauniyi sakwana 2,500. Mu Julaye kumatentha kupitirira madigiri 40, moti ngakhale galu sayenda masana. Koma Novembala akangolowa, msewu umadzaza ndi makalavani ochokera ku Minnesota, ku Dakota, ku Montana ndi ku Canada, kumene nthawi ino chipale chofewa chimakwirira mpaka zitseko. Makalavaniwa kuno amati RV. Ena amakokedwa ndi galimoto, ena ndi aakulu ngati basi, ndipo mkati muli bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Eni ake amawatchula kuti snowbirds, kutanthauza mbalame zothawa chisanu. Ntchito yanga ndi kuwalozera poima, kuwalumikizira madzi ndi magetsi, ndi kukolopa mabafa.

Mwambo umenewu sunayambire kuno ku Arizona. Unayambira ku Florida, zaka zoposa 100 zapitazo. Mu 1908 kampani ya Ford inatulutsa galimoto yotchedwa Model T, ndipo mtengo wake unkatsika chaka ndi chaka mpaka mlimi wamba anayamba kuikwanitsa. Kale opita ku Florida nthawi yozizira anali olemera okha, okwera sitima n'kumakagona m'mahotela. Tsopano alimi a kumpoto, amene akakolola analibe chochita mpaka chisanu chithe, anayamba kumangirira matenti ndi mapoto pagalimoto n'kulowera kumwera. Ndalama ya hotela analibe. Ankagona m'mbali mwa msewu n'kumadya zakudya za m'zitini, ndiye eni dera anayamba kuwanyoza kuti ndi alendo a zitini.

Iwo sanakwiye nalo dzinalo, analitenga. Mu 1919, pamalo otchedwa De Soto Park mumzinda wa Tampa, anakhazikitsa bungwe lawo n'kulitcha Tin Can Tourists. Chizindikiro chawo chinali chitini chomatidwa kutsogolo kwa galimoto, kuti akakumana panjira adziwane. Anagwirizana zosunga ukhondo pamsasa, kuthandizana ndi kusangalala mwaulemu. Patangopita zaka zochepa malo a ku Tampa aja anatsekedwa chifukwa oyandikana nawo ankadandaula, koma matauni ena anaona kuti mlendo wa chitini nayenso amagula mafuta ndi buledi, ndiye anayamba kuwakonzera misasa yokhala ndi madzi ndi zimbudzi. Malo ngati amene ndikugwirapo ntchitowa gwero lake ndi limenelo.

M'zaka za m'ma 1930 matenti anayamba kulowedwa m'malo ndi makalavani okoka. Bambo wina dzina lake Wally Byam anayamba kupanga makalavani otchedwa Airstream, aja onyezimira ngati ndege amene munawaona pachithunzi. Malume, nkhani iyi ikusangalatsani: mu 1959 bamboyu anatsogolera makalavani 41 paulendo wochokera ku Cape Town mpaka ku Cairo, nthawi imene kwathu kunali chipwirikiti cha chitaganya. Koma zaka za m'ma 1930 zomwezo zinalinso za umphawi waukulu kuno, mabanki atagwa ndipo ntchito zitatha. Mabanja ambiri analowa m'kalavani chifukwa analibe nyumba ina. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma linagula makalavani ochuluka kuti muzigona anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zida. Kuyambira pamenepo kalavani ili ndi nkhope ziwiri, ya munthu wopuma ndi ya munthu wovutika, ndipo zonse ziwiri ndimaziona pano tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndifike pa funso lanu, Amayi. Chimene chinachititsa kuti nkhalamba izitha kuyenda popanda kudalira ana ndi ndalama ya boma. Mu 1935 pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo la Social Security. Munthu akamagwira ntchito amadulidwa kangachepe pamalipiro, bwana wake n'kuwonjezerapo, ndipo akakalamba amalandira mwezi ndi mwezi mpaka kumwalira. Woyamba kulandira ya pamwezi anali mayi Ida May Fuller wa ku Vermont, amene mu Januwale 1940 analandira madola 22.54. Lamuloli lisanabwere, nkhalamba ya ku America inali ngati ya kwathu: mphamvu zikatha, inkayang'ana kwa ana. Mu 1965 pulezidenti Lyndon Johnson anawonjezera Medicare, yothandiza pa ndalama za kuchipatala kwa amene afika zaka 65.

Pakati pa malamulo awiriwa panabwera misewu. Mu 1956 pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse, yotalika mamailo 41,000. Kenaka mu 1966 kampani ya Winnebago ya ku Iowa inayamba kugulitsa makalavani okhala ndi injini yawoyawo pamtengo wotsikirapo kuposa ena. Penshoni, chipatala, msewu wa phula ndi galimoto yogonamo zitakumana, agogo a ku Minnesota anaona kuti palibe chowakakamiza kukhala miyezi isanu akufosholo chipale pakhomo.

Nanga bwanji Quartzsite, malo opanda mtsinje, opanda nyanja? Poyamba panali zitsime chabe, zotchedwa Tyson's Wells, pomwe ngolo za akavalo zinkaima kumwa madzi, kenaka anthu okumba miyala ya mtengo wapatali. Mu 1967 eni tauni anayambitsa msika wa miyala yokongola wotchedwa Pow Wow, umene umachitikabe mu Januwale, ndipo anthu a makalavani anayamba kukhamukirako. Chokoka china ndi malo. Chipululu chozungulira tauniyi ndi cha boma, pansi pa nthambi yotchedwa Bureau of Land Management. Anthu atachuluka n'kumangoima paliponse, mu 1983 nthambiyi inapatula malo oti munthu akalipira kamodzi azikhalapo nyengo yonse, kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo. Aakulu mwa malowa ndi La Posa, kumwera kwa tauni. Kumeneko kulibe magetsi. Madzi amakatunga pampopi wa onse, zonyansa amakataya pamalo amodzi, ndipo magetsi amatapa kudzuwa. Palinso malo ena oima mwaulere masiku 14. Amene ali ndi kangachepe ndiwo amabwera pamalo olipira pamwezi ngati pathu pano.

Khirisimasi ya pano ndiyenera kukufotokozerani. Disembala akangoyamba, aliyense amakoleka nyali zamitundumitundu pakalavani yake, ena mpaka pamitengo yaminga ya m'chipululu. Madzulo ena amakongoletsa tingolo tawo ta batire n'kumazungulira msasa wonse mondondozana, agogo a zaka 80 atavala zipewa zofiira. M'mbali mwa tinjira amandandalika timapepala tokhala ndi mchenga ndi kandulo mkati, mwambo umene anatengera kwa anthu olankhula Chisipanishi a kuno kumwera. Tsiku lenilenilo timasonkhana mu holo. Eni malo amagula nkhukundembo, ena onse aliyense amabwera ndi mbale yake. Ine chaka chatha ndinaphika mpunga ndi nkhuku ya tomato ndi anyezi monga mumachitira inu, ndipo mphika unabwerako wopanda kanthu.

Koma tisanadye, mmodzi amaimirira n'kuwerenga mayina a amene anali nafe chaka chatha ndipo sanabwerenso. Chaka chilichonse pamakhala angapo. Holo yonse imati zii. Apa m'pamene ndinazindikira kuti anthuwa si alendo ongodutsa. Ena akhala akuima pamalo amodzimodzi zaka zoposa 15, moyandikana ndi anthu omwewo. Wina akapanda kutsegula chitseko pofika 9 koloko, oyandikana naye amakagogoda. Wina akadwala amamutengera kuchipatala ku Parker kapena ku Blythe, ndipo ofuna mano ndi magalasi otchipa amapita limodzi ku Los Algodones, kungodutsa malire a Mexico kufupi ndi Yuma. Kwathu timati mlendo ndi mame. Awa amakamukadi mu Malichi, koma chaka chamawa amagweranso pa udzu womwewo.

Agogo ena aakazi a ku Saskatchewan, amasiye, amayendetsa okha kalavani yawo masiku anayi kudzafika kuno. Ndinawauza funso lanu, Amayi, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anati ana ali nawo atatu, aliyense mumzinda wake, ndipo onse amawaitana. Koma akapitako amakhala m'chipinda cha alendo, ana ali kuntchito, adzukulu ali pafoni, panja pali chisanu choti sungaponde. Kuno ali ndi anzawo oyenda nawo m'mawa ndi osewera nawo makadi madzulo. Tsiku la Khirisimasi analankhula ndi adzukulu onse pafoni yoonana nkhope, atatha anapukuta misozi n'kukagawa keke. Chisoni chilipo ndithu, sindikukanira, koma sanatayidwe.

Nkhope yachiwiri ija ili kunja kwa mpanda wathu. Chuma chitagwa mu 2008, anthu ambiri analandidwa nyumba ndi mabanki, ena ndalama zimene anasungira ukalamba zinasungunuka. Amenewa amakhala m'magalimoto ang'onoang'ono chaka chonse. Mu Okutobala amakagwira ganyu yokolola mbewu ya shuga ku North Dakota, ena m'nyumba zosungira katundu za Amazon, imene kwa zaka zingapo inali ndi ndondomeko yolemba anthu a m'makalavani yotchedwa CamperForce. Mtolankhani Jessica Bruder analemba za iwo m'buku lake la Nomadland mu 2017, ndipo filimu yochokera m'bukulo, imene mbali ina anaijambulira kuno, inapambana mphoto ya Oscar mu 2021. Ena mwa iwo amabwera pathu kudzalipira bafa lokha. Bambo wina wa imvi mbuu anandiuza kuti anagwira ntchito zaka zambiri zolipidwa pamanja, zosalembedwa, ndiye ya boma imene amalandira siikwana lendi kulikonse.

Anzanga muli kuno, mawu amenewo anandilasa. Kuti munthu alandire Social Security amafunika kukhala atagwira ntchito yolembedwa, yodulidwa msonkho, pafupifupi zaka 10. Ambiri a ife timakonda ya pamanja chifukwa imaoneka yambiri, ndipo yonse timatumiza kumudzi. Nanga tikadzafika zaka za agogowa tidzakhala mbali iti ya mpanda?

Pali manda amene ndimapitako chaka chilichonse mu Disembala, m'tauni momwemuno. Mu 1855 nyumba ya malamulo ya America inapereka madola 30,000 kuti asilikali ayese kugwiritsa ntchito ngamila m'chipululu. Ngamilazo zinayamba kufika ku Texas mu 1856, ndipo analemba ntchito anthu odziwa kuziweta ochokera mu ufumu wa Ottoman. Mmodzi wa iwo anali Hadji Ali. Asilikali analephera kutchula dzina lake, ndiye anangomuti Hi Jolly, monga momwe ine pano anandidulira dzina langa pakati. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861 ntchito ya ngamila inatha, koma iye sanabwerere kwawo. Anakhala akufunafuna golide ndi kunyamula katundu mpaka anamwalira kuno ku Quartzsite mu Disembala 1902. Mu 1935 boma la Arizona linamumangira chiliza cha miyala chosongoka, pamwamba pake pali kangamila kachitsulo. Anthu a makalavani amajambulitsapo zithunzi akumwetulira. Ine ndikaima pamenepo ndimaona mtchona, ngati agogo athu aja anapita ku Wenela n'kusamvekanso.

Ndiye yankho langa ndi ili, Amayi. Agogowa ana ali nawo. Ambiri akudyera Khirisimasi m'galimoto chifukwa dziko lawo linawakonzera penshoni ndi msewu, ndipo iwo anadzimangira mudzi wachiwiri kumene kuli dzuwa. Ochepa ali m'galimoto chifukwa alibe kwina. Koma onsewo Malichi akafika amadziwa kolowera, ndipo ine ndikufuna ndidzakhale nakonso kolowera.

Malume, n'chifukwa chake ndikupempha kuti nkhani ya malo aja kuseri kwa dimba musaigonetse. Mukaonane ndi amfumu chaka chisanathe, ndipo njerwa zimene tinaotcha zifunditsidwe bwino mvula isaziwononge. Achemwali, kangachepe kamene ndatumiza mugawe pawiri, ina ya feteleza wachiwiri, ina mugulire Amayi mpunga, nkhuku ndi chitenje. Ana muwagulire Fanta, asadzati amalume awo anawaiwala.

Mundiperekere moni kwa onse kutchalitchi. Khirisimasi yabwino nonse, ndi chaka chatsopano chamtendere.

Ndine mwana wanu wa ku chipululu.