Mendulo ya siliva imene inakhala m'khosi masiku atatu okha

Ku Chiosya, m'boma la Mchinji, kuzizira kwa Juni kukafika anthu amaothera moto mpaka dzuwa litakwera, koma chipale chofewa sichigwa. Dziko la Malawi silinatumizeko ngakhale munthu mmodzi ku masewera a Olympic a m'nyengo yachisanu. Komabe nkhani ya mayi wa ku Siberia, Olga Pyleva, ikukhudza mnyamata aliyense wa kuno amene amameza mapilitsi a pagolosale asanalowe m'bwalo la mpira, chifukwa lamulo limene linamugwetsa mayiyu ndi lomwelo limene limagwira wosewera wa dziko lililonse.

Masewera ake amatchedwa biathlon. Munthu amathamanga pa chipale atavala timatabwa totsetsereka kuphazi, mfuti ya makilogalamu atatu ndi theka ili kumsana. Akafika pamalo owombera amagona chafufumimba kapena kuimirira, n'kulunjika chandamale chimene chili pa mtunda wa mamita 50. Chandamale cha ogona n'chotambalala mamilimita 45 basi, ngati dzira la nkhuku. Apa ndiye pagona luso lonse: mtima ukugunda mwamphamvu chifukwa cha liwiro, mpweya ukuperewera, koma dzanja lisanjenjemere. Pa mpikisano wa makilomita 15 amawomba zipolopolo 20, ndipo chilichonse chophonya chimawonjezera mphindi imodzi pa nthawi yake.

Pyleva anabadwa mu 1975 m'chigawo cha Krasnoyarsk. Mu 2002 ku Salt Lake City anapata golide pa mpikisano wa makilomita 10, dzina lake n'kumveka Russia yense.

Pa 13 Febuluwale 2006, pa masewera a ku Turin m'dziko la Italy, anamaliza wachiwiri pa makilomita 15, kumbuyo kwa mnzake Svetlana Ishmouratova. Patangopita masiku atatu zotsatira za mkodzo wake zinatuluka, ndipo munapezeka mankhwala oletsedwa otchedwa carphedon. Mankhwalawa anapangidwa mu nthawi ya Soviet Union kuti azithandiza anthu opita m'mlengalenga kupirira kutopa, ndipo amati amathandizanso thupi kulimbana ndi kuzizira. Anamulanda mendulo, anamuchotsa pa masewerawo, n'kumuletsa kupikisana kwa zaka ziwiri.

Iye anadziteteza kuti sanadziwe kanthu. Anali atabinya phazi, ndipo dokotala wake, Nina Vinogradova, ndi amene anamupatsa mankhwalawo. Dokotalayo naye analangidwa zaka zinayi. Mwina mayiyu ankanena zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona thukuta la zaka zambiri likutayika chifukwa cha mbulu wa mankhwala. Koma malamulo a bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, limene linakhazikitsidwa mu 1999, safunsa kuti anakupatsa ndani. Chimene chapezeka m'thupi mwako, woyankha ndiwe. Lamuloli ndi lowawa, koma popanda ilo aliyense wogwidwa akanaloza dokotala n'kumapita.

Siliva uja anapita kwa Martina Glagow wa ku Germany, ndipo mendulo yachitatu inagwera Albina Akhatova, wa ku Russia komweko. Sipanapite zaka zitatu, Akhatova naye anagwidwa. Magazi ndiwo anali nkhani tsopano: mu Disembala 2008, ku Östersund m'dziko la Sweden, iye pamodzi ndi Ekaterina Iourieva ndi Dmitri Yaroshenko anapezeka ndi EPO, mankhwala amene amachulukitsa maselo ofiira kuti magazi azinyamula mpweya wambiri. Wothamanga satopa msanga, koma magazi amalimba, ndipo mtima ukhoza kuima munthu ali m'tulo.

Pyleva anabwerera chilango chitatha, atakwatiwa ndi mphunzitsi wake Valeriy Medvedtsev, ndipo ankadziwika kuti Olga Medvedtseva. Ku Vancouver mu 2010 anapatanso golide pa mpikisano wopatsirana wa amayi anayi. Ambiri anati nkhani yatha bwino.

Zimene zinaululika pambuyo pake zinasonyeza kuti vuto silinali la munthu mmodzi ndi dokotala wake. Mu Meyi 2016, Grigory Rodchenkov, yemwe anali mkulu wa labotale yoyeza osewera ku Moscow, anafotokozera nyuzipepala ya New York Times zimene zinachitika pa masewera a ku Sochi mu 2014. Osewera a ku Russia ankasukuluza m'kamwa ndi mowa wosakaniza ndi mitundu itatu ya mankhwala okulitsa minofu. Usiku, mabotolo a mkodzo ankadutsa pa kabowo kamene kanabooledwa pakhoma la labotale. Kuseri kwa khomalo kunali akazitape a boma amene anali atadziwa katsegulidwe ka zivindikiro zimene dziko lonse linkakhulupirira kuti sizitseguka osasweka. Ankakhuthula mkodzo woipawo n'kuthiramo wabwino umene wosewera yemweyo anapereka miyezi ingapo m'mbuyomo, nthawi zina n'kuwonjezeramo mchere kuti ufanane ndi woyamba uja. Kukamacha, botolo linali litabwerera pamalo pake.

Katswiri wa malamulo wa ku Canada, Richard McLaren, atafufuza anapeza kuti osewera a ku Russia oposa 1,000 a m'masewera oposa 30 anapindula ndi chinyengo chimenechi pakati pa 2011 ndi 2015. Ku Pyeongchang mu 2018 osewera a ku Russia amene analoledwa anapikisana popanda mbendera ya dziko lawo.

Chowawa kwambiri n'choti amene anabedwa ndi osewera oona mtima, omwe anamaliza pachinayi kapena pachisanu, n'kubwerera kwawo chimanjamanja, ena kusiyiratu masewera chifukwa owathandiza ndi ndalama anawataya.

Mwa amayi anayi amene anaima pamodzi ku Vancouver, Olga Zaitseva anadzapezeka wolakwa pambuyo pake n'kulandidwa siliva wa ku Sochi. Ngakhale mlonda weniweniyo sanapulumuke. Anders Besseberg wa ku Norway, amene anatsogolera bungwe la biathlon padziko lonse kuyambira 1993 mpaka 2018, anaimbidwa mlandu wolandira ziphuphu, zina zochokera kwa akuluakulu a ku Russia, monga mawotchi odula ndi maulendo okasaka nyama. Mu Epulo 2024 khoti la kwawo linamugamula kuti akakhale kundende zaka zitatu ndi mwezi umodzi.