Takisi ya hayala ndi nkhondo za ku Mangochi

Anthu ambiri ofika ku Mangochi amakhala akuthamangira kunyanja. Basi ikangowatsitsa, mtima uli kale ku Monkey Bay, kumchenga ndi chambo chootcha. Ndi ochepa amene amaima pa nsanja ya wotchi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kufunsa kuti mzinga uli pamenepowo unaombera yani. Komatu tauni imeneyi inabadwa ndi nkhondo, ndipo wofuna kuimvetsa amachita bwino kupatula tsiku lathunthu, n'kutenga takisi ya hayala yoyendetsedwa ndi mwana wa konko. Chifukwa chake n'chakuti nkhondo za kumeneku zakhala ndi ozifotokoza osiyanasiyana, aliyense ndi nthawi yake, ndipo dalaivala wa lero ndi womaliza pa mndandanda wautali.

Zonse zinayamba ndi malo enieniwo. Apa ndi pamene mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja, ndiye ambiri ochokera kumadzulo kupita kugombe la nyanja yamchere, ngakhalenso ochokera kumwera kulowa m'nyanja yathu, ankadzera pomwepa. Cha m'ma 1860 mafumu achiyao ochokera kum'mawa anakhazikika pakati pa Anyanja amene anawapeza. Mponda anakhala kutsidya la kumadzulo kwa Shire, Makanjira kugombe la kum'mawa kwa nyanja, Jalasi kumapiri a ku Namwera. Chuma chawo chinali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankaoloka nyanja pa zombo za Makanjira, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, ndipo kumeneko kunkachokera nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. David Livingstone anafika panyanjayi mu Seputembala 1859, nachezanso kwa Mponda mu 1866. Mu 1875 sitima ya Ilala inadutsa pamudzi womwewo itanyamula amishoni opita ku Cape Maclear. Alendo onsewa sankayenda okha. Ankatsogozedwa ndi eni dera odziwa madooko ndi njira, odziwanso mudzi uti unaotchedwa ndi yani, koma m'mabuku amene azunguwo analemba maina a owalondolera njirawo sapezekapezeka.

Chaka cha 1891 Harry Johnston anabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Mu Okutobala anaombera mudzi wa Mponda ndi mizinga kuchokera kutsidya la mtsinje, pamene anamanga linga lotchedwa Fort Johnston. Mponda anagonja msanga, koma Makanjira sanali wophweka. Iyeyu ndi amene mu 1888 anavula ndi kukwapula John Buchanan, woimira boma la Britain, anthu akuona. Mu Disembala 1891 Maguire anapita pa sitima ya Domira kukaotcha zombo za Makanjira ndipo anaphedwa komweko. Mu Febuluwale 1892 anthu a Jalasi anabweza gulu lina lankhondo limene linkakwera phiri lawo, n'kulilanda mzinga. Zinatenga mpaka 1895 kuti mafumu awiriwa agonjetsedwe kotheratu. Zaka zinayi zimenezi sizitchulidwa mokwanira m'sukulu zathu, mmene mwana amangomva kuti Johnston anathetsa ukapolo, basi, ngati kuti anangolamula pakamwa.

Atapambana, atsamunda anayamba kufotokoza nkhaniyi ndi njerwa komanso maina. Tauni inatenga dzina la Johnston, linga la kwa Makanjira linatenga dzina la Maguire, ndipo pamudzi wa Jalasi anamangapo Fort Mangochi. Mu 1903 anaimika nsanja ya wotchi pokumbukira Mfumukazi Victoria, amene sanapondepo dziko lino. Anthu amene anaoloka nyanja ali m'magoli sanawaikire chikumbutso, ngakhale ankati anabwera kudzawaombola. Amene anafa midzi ikupsa ndi mizinga nawonso alibe mwala. Ine sindifuna kuyeretsa mbali iliyonse. Mafumu aja ankagulitsadi anthu, ndipo zidzukulu za ogulitsidwawo zili pakati pathu. Koma yemwe anathetsa malondawo ndi yemwenso anabweretsa msonkho wa nyumba ndi kulanda ufumu wa eni nthaka. Mlendo woima pa wotchi paja amamva theka la nkhani.

Mzinga umene uli pamenepo ndi wa nkhondo ina. Unachokera pa sitima ya Guendolen, imene inalumikizidwa ndi kulowetsedwa m'madzi ku Fort Johnston mu 1899. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba, Captain Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Nkhani imati woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali bwenzi lake la Rhoades, ndipo posadziwa kuti kwayamba nkhondo anapalasa bwato kudzam'funsa ngati waledzera. Azungu amaikonda kwambiri nkhani imeneyi, ndipo palibe buku la alendo lonena za Mangochi limene limaisiya. Koma nkhondo yomweyi, imene makolo athu anaidziwa ndi dzina la Chiwaya, inalibe zoseketsa. Fort Johnston inali doko lotumizira asilikali ndi katundu kumpoto ndi kum'mawa, ndipo amuna zikwizikwi anatengedwa mokakamiza kukakhala amtengatenga. Ambiri anafera m'njira ndi kamwazi, njala ndi kutopa. Kumanda a m'tauni kuli miyala yosamalidwa bwino ya asilikali ena a nkhondoyo, yolembedwa maina ndi masiku, pamene wonyamula katundu anakwiriridwa pomwe anagwera. Pa wotchi pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946. Imeneyo sinali nkhondo, koma dalaivala aliyense amakusonyezani, ndipo ndi bwino kuti atero.

Nkhondo yachitatu ndi imene inalibe woifotokoza kwa zaka pafupifupi 30. Nduna zitasemphana ndi Dr Kamuzu Banda mu Seputembala 1964, Henry Masauko Chipembere anatula pansi udindo n'kubwerera ku Malindi, kumene bambo ake anali wansembe wa mpingo wa Anglican. Posakhalitsa analowa m'tchire la m'mapiri a kum'mawa. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsika ndi anthu pafupifupi 200, nalanda polisi ya Fort Johnston ndi mfuti zake, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni yoolotsera magalimoto ili kutsidya lina, ndipo asilikali a boma anawabalalitsa. Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho, ndipo anamwalira ku Los Angeles mu 1975. Medson Silombela, amene anapitiriza kumenya nkhondo m'tchire, anagwidwa n'kunyongedwa kundende ya Zomba mu 1966 pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera.

Zimene zinatsatira zinagwera anthu wamba. Midzi yoganiziridwa kuti inkadyetsa zigawenga inaotchedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu a m'mudzi wa Moto, kugombe la kum'mawa, anatengedwa mudzi wathunthu, amayi ndi ana omwe, kupita kundende ya Dzaleka. M'nyengo yomweyo dzina la Fort Johnston linafafanizidwa, tauni n'kukhala Mangochi, ndipo mu 1971 nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum inatsegulidwa m'kalabu yakale ya azungu. Inali ntchito yabwino, ndipo mpaka lero muli zambiri zokhudza usodzi, chikhalidwe cha anthu a m'mbali mwa nyanja ndi sitima zapamadzi. Koma panthawiyo palibe nyumba ya boma imene ikanayerekeza kutchula Chipembere mwaulemu. Munthu woyendetsa galimoto amene akanaima pa polisi n'kuuza mlendo kuti apa ndi pamene anyamata a Che Chipembere analowera, akanagona m'chitokosi tsiku lomwelo. Nkhaniyi inasungidwa m'nyumba, agogo akunong'oneza adzukulu apayoniya ndi ayufi ali kutali.

Chaka cha 1994 chinamasula malilime. Msewu waukulu wa ku Blantyre unatchedwa Masauko Chipembere, mayi Catherine Chipembere anabwerera kumudzi n'kusankhidwa kukhala phungu wa m'boma lomwelo, ndipo anthu amene anazunzidwa anayamba kukadandaula poyera kubwalo loona za chipukuta misozi. Mayendedwe nawonso anasintha. Mlatho watsopano wa Bakili Muluzi womangidwa ndi thandizo la dziko la Japan unatsegulidwa mu 2002. Njinga za kabaza zinadzaza tauni, kenako njinga zamoto, kenako timagalimoto ta Sienta timene lero tapezeka paliponse. Kufika ku Malindi kapena ku Namwera n'kubwerako tsiku lomwelo kunasiya kukhala kwa okhawo okhala ndi galimoto yawoyawo.

Kumaiko ena ulendo wotere ndi bizinesi yokhazikika. Ku Belfast, ku Northern Ireland, matakisi akuda anayamba kunyamula anthu m'ma 1970 mabasi atasiya kulowa m'madera a zipolowe. Mtendere utasainidwa mu 1998, madalaivala omwewo anayamba kutengera alendo ku Falls Road ndi Shankill Road, kuwasonyeza makoma olekanitsa Akatolika ndi Apolotesitanti, aliyense akufotokoza zimene anaona ndi maso ake. Ku Mangochi zimachitika mwachimalawi: mumapita pamene matakisi amaima, mumafunsa amene akudziwa bwino za kutsidya, n'kugwirizana za mafuta ndi za tsiku lake. Musafulumire kutenga mnyamata woyamba kukuthamangirani. Funsani kwawo. Wa ku Malindi kapena ku Lungwena amadziwa za 1965, wa ku Namwera amadziwa za Jalasi, ndipo amene analeredwa ndi agogo ake ndiye woyenera kumugwira dzanja.

Ulendo umayambira pa wotchi ndi kumiyuziyamu, ndipo zimenezi ola limodzi zatha. Mukaoloka mlatho n'kukwera zitunda zokhotakhota za msewu wa ku Chiponde, nyanja ya Malombe ikuonekera m'munsi, mumamvetsa nokha chimene chinapatsa Jalasi mphamvu: wokwera phiri limenelo amaonedwa akadali kutali. Galimoto siifika pa linga la Fort Mangochi penipeni. Mumaisiya kumunsi, n'kupereka moni kwa amfumu kapena akuluakulu a pamudzi, amene kawirikawiri amakupatsani mnyamata wokutsogolerani. Pamwamba mumapeza makoma a miyala okhuthala, mitengo itamera m'kati mwa zipinda, udzu wofika m'chiuno ngati ndi nthawi ya dzinja. Apa dalaivala wabwino amakhala chete, n'kusiyira mwini mudzi kuti alankhule, iye n'kumangomasulira Chiyao pamene mlendo wasochera. Lachisanu masana musayembekezere kupeza munthu, poti ambiri amakhala ali kumzikiti.

Ku Malindi nkhani imafuna kudekha kwina. Amene anaona za 1965 ndi maso ndi okalamba tsopano, ndipo si onse amene anali mbali imodzi. M'mudzi momwemo muli ana a amene anamangidwa ndi ana a amene anakanenera anzawo. Mlendo wotulukira ndi foni m'manja n'kuyamba kujambula sapeza kanthu. Amene wakhala pamkeka, n'kulonjeredwa, n'kumuyankha gogo kuti "Zikomo agogo, tangobwera kudzamva za kale," amatha kumva zimene palibe chikwangwani chinalembapo: mmene chakudya chinkapitira kuphiri usiku, ndani anabwerako ku Dzaleka ndipo ndani sanabwereko. Safunsa anadya phula, koma kufunsa za maliro a eni kumafuna munthu wokuperekeza amene eni akewo akumudziwa. Ntchito yaikulu ya dalaivala ili pamenepa, kuposa kugwira chiwongolero.

N'zoona kuti dalaivala si mphunzitsi wa mbiri. Ena amasakaniza nkhondo ya Johnston ndi ya Ajeremani, ena amakometsera mtundu wawo kapena chipembedzo chawo, ndipo alipo amene amangopeka kuti bwana asangalale. Mabuku amathandiza kuwongola zaka ndi maina. Komabe sindiona kuti kupotoza kwa dalaivala n'koopsa kuposa kwa nsanja ya 1903, imene yakhala ikunena mbali imodzi kwa zaka zoposa 120 popanda woitsutsa. Dalaivala mutha kumufunsanso, mutha kumutsutsa, mawa n'kukwera ya mnzake kuti mumve zina. Chimene ndikanakonda n'chakuti a nthambi yoona zakale pamodzi ndi khonsolo ya Mangochi aziitana madalaivala ndi akabaza ofuna ntchitoyi, kuwaphunzitsa zimene zili m'mabuku, nawonso n'kujambula mawu a okalamba a ku Moto ndi ku Malindi akadali moyo.

Malo ovuta kufikako ndi kwa Makanjira. Kuchokera pa mlatho ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 motsata gombe la kum'mawa, ndipo kwa zaka zambiri msewu wake wakhala wosautsa, makamaka mvula ikagwa mitsinje n'kusefukira. Mtengo wa hayala umakwera, ndipo madalaivala ena amakana kulowetsako galimoto yawo. Alendo ambiri amatembenukira pa Malindi, choncho mabwinja a Fort Maguire ndi gombe limene zombo zija zinkakocheza amaziona ndi asodzi okha a kumeneko. Wofuna kukafika anyamuke m'bandakucha m'miyezi ya chilimwe, atenge mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, ndipo akonzekere kugona komweko.