Duwa ya Pogona: Ulendo Wake Kuchokera ku Madina Kufika ku Kapondo



Kwathu kuno tikakumana m'mawa timafunsana kuti, "Mwadzuka bwanji?" Funsoli si lamwambo chabe. Makolo athu ankadziwa kuti munthu akagona sadziteteza, ndipo si onse ogona amene amaona kunja kukucha. Lero tikambe za m'mene abale athu Achisilamu amayankhira mantha amenewa, ndiponso njira imene pemphero lawo la pogona, limene amalitcha duwa, linayenda mpaka kufika m'midzi ngati ya kwa Kapondo m'boma la Mchinji.

Chiyambi chake chili ku Madina, m'dziko la Arabia, kumene Mtumiki Muhammad anamwalirira m'chaka cha 632. Akubanja ndi ophunzira ake anasunga m'mutu zimene iye ankachita pokagona. Patapita zaka zoposa 200, akatswiri monga al-Bukhari, amene anamwalira mu 870, ndi Muslim, amene anamwalira mu 875, anasonkhanitsa mbiri zimenezi m'mabuku a hadisi. Pambuyo pake al-Nawawi wa ku Syria, amene anamwalira mu 1277, anasanja mapemphero a usana ndi usiku m'buku lotchedwa al-Adhkar.

Tsono mabukuwa amaphunzitsa zotani? Munthu ayambe wasamba monga achitira pokonzekera swala. Kenaka akunthe pogona pake, pakuti sadziwa chimene chakwawirapo iye atachoka. Aliyense amene anapezapo chinkhanira pamphasa akumvetsa nzeru imeneyi. Akatero agonere kumanja, dzanja lili kunsi kwa tsaya, napereka moyo wake m'manja mwa Mulungu, popeza Qur'an, m'sura 39 ndime 42, imayerekeza tulo ndi imfa.

Aisha, mkazi wa Mtumiki, anasimba kuti mwamuna wake ankaphatikiza zikhatho, kuuziramo mpweya, kuwerenga masura atatu otsiriza a Qur'an, 112, 113 ndi 114, ndipo ankadzisisita thupi kuyambira kumutu, katatu. Ambiri amawonjezapo Ayatul Kursi, ndime 255 ya sura yachiwiri. Palinso nkhani ya Fatima, mwana wake, amene manja anamupweteka chifukwa cha mphero. Atapempha wantchito, bambo wake anamupatsa mawu otamanda Mulungu oti azinena pogona: ka 33, ka 33 ndi ka 34, kukwanitsa 100.

Nanga zinafika bwanji kuno? Cha m'ma 1840, Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota, natchedwa Jumbe. Tisabise, malonda ake anali a minyanga ndi akapolo, ndipo anasiya misozi yambiri. Komabe m'maulendo omwewo munabwera alembi ndi aphunzitsi a Qur'an. Cha m'ma 1870 Mfumu Makanjira ya Ayao inalowa Chisilamu, ndipo mafumu ena monga Mponda ndi Jalasi anatsatira. Mashehe otchuka, Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, anaphunzitsa anyamata ambiri amene anadzakhala aphunzitsi m'midzi. Mabuku anali osowa. Mwana ankaloweza masura pomvera mwalimu ndi powerenga pathabwa, ndipo masura aafupi otsirizawo ndiwo anali oyamba kuwaphunzira. N'chifukwa chake ngakhale gogo wosadziwa kulemba ankatha kuwanena mumdima.

Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a Mchinji nukathira m'nyanja m'boma la Nkhotakota. Chisilamu chinayenda ngati chokwera mtsinjewo, koma mwapang'onopang'ono. Mchinji, imene pa nthawi ya atsamunda inkatchedwa Fort Manning, ndi dziko la Achewa ndi Angoni, ndipo ambiri kumeneko ndi Akhristu. Asilamu anadza monga amalonda, atelala ndi ofuna ntchito, makamaka pamene minda ikuluikulu ya fodya inachuluka m'ma 1970. Wobwera kuchokera ku Mangochi kapena ku Machinga ankapeza mzikiti uli kutali, shehe palibe. Koma duwa ya pogona sifuna mzikiti ngakhale mtsogoleri. Ifuna pakamwa ndi zikhatho basi. Motero inapulumuka m'tinyumba ta matenanti, kumene zina zambiri za chipembedzo zinali zovuta kusunga.

Kumeneko inakumana ndi mantha a tonsefe: afiti, maloto oipa, kulira kwa kadzidzi padenga. Sura 113 imapempha chitetezo ku zoipa za mdima, za ochita matsenga ndi za munthu wanjiru, zinthu zimene Mchewa sasowa womumasulira. Apa panabukanso mkangano. Kalelo ena ankalembetsa ndime za Qur'an papepala, kuzisokera m'kachikopa, namangirira mwana m'khosi ngati chithumwa. Kuyambira m'ma 1980, achinyamata obwera kuchokera kumaphunziro kunja anatsutsa mwambowu, ponena kuti chitetezo chichokera kwa Mulungu yekha. Akuluakulu ena sanavomere msanga. Koma pa duwa yonenedwa ndi pakamwa, mbali zonse ziwiri zinagwirizana.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndi Asilamu. Lero mapempherowa akupezeka m'timabuku ndi m'mafoni, kotero kuwapeza sikuvuta. Chovuta n'chakuti foni siikhala pamphasa kudikira mwana amalize sura asanasinze. Ntchito imeneyo inali ya mayi, ya bambo ndi ya agogo kwa zaka pafupifupi 1,400, ndipo ikalekeka m'nyumba imodzi, mbadwo wotsatira udzayamba wopanda kanthu.

Inu amene muli ndi anansi Achisilamu, mukamva kunong'ona kuseri kwa khoma nyali itazima, mwadziwa tsopano kumene mawuwo achokera. Mugone kutali ndi moto.